Legeni ya mbedza ikugwetsa nyambo pafupi? Musathamangire kuwonjezera mphira

Sabata yatha yokha anthu anayi anandipeza pashedi pomwe ndimakonzera njinga kuno ku Mulanje, onse funso lawo limodzi: "Achimwene, ndapanga legeni ya mbedza ngati yanu ija, koma nyambo ikungogwera pamapazi pomwepa. Ndiwonjezere mphira?" Wina anachita kupalasa kuchokera ku Luchenza, chipangizo chake atachimanga pakaliyala ngati mtolo wa mizimbe. Kufotokozera munthu uku ukuwongola limu, wakabaza ali chilili kudikira njinga yake, sikuyenda. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomulozera pano.

Yankho lalifupi ndi lakuti ayi. Mwa malegeni amene abwera kwa ine, ochepa kwambiri ndi amene mphira wake unali wofooka. Chimene chimadya mtunda ndi chingwe: mmene chakhalira pachitini, mmene chapanidwira, ndi njira imene chikudutsa potuluka. Za mphira tikamba, koma chakumapeto.

Kwa amene simunaione, iyi si legeni yogendera mbalame. Ndi thabwa kapena nsungwi yotalika pafupifupi mita imodzi, ine ndimaitcha thupi. Pamwamba pake pamagona paipi ya PVC yong'ambidwa pakati mlitali, imeneyo ndi ngalande. Kutsogolo kuli mphanda yomangapo malamba awiri a mphira, ndipo malambawo amakoka kapu yaing'ono imene imatsetsereka mungalandemo itanyamula cholemetsa ndi nyambo. Kumbuyo kuli chokhethemulira, chimene chimagwira kapu mukaitcha. Chingwe chimakhala chokulungidwa pachitini choloza kutsogolo, kuti chizisololoka chokha chitini chisakuzungulira. Dzina loti chitini tinangolisunga, ngakhale ambiri tsopano timagwiritsa paipi.

Tinachipangira chiyani? Yesani kuzunguza chingwe pamwamba pa mutu m'mbali mwa Ruo, Lichenya kapena Thuchila pomwe bango ndi nthambi zakupanikizani, muone. Ndipo chidutsire namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, malo angapo amene ine ndinkawedza anakwiririka ndi mchenga, madzi akuya n'kuthawira tsidya, kumene mlamba umabisala. Pamanja sufikako.

1. Chotsani mbedza, tengani kope, pitani pabwalo la mpira

Kuyesera kumtsinje n'kutaya nthawi. Madzi simungawayeze, ndipo mtima umakhala uli pa nsomba. Pitani pabwalo m'mamawa, ana asanabwere, mphepo isanadzuke. Mbedza isiyeni kunyumba. Kumapeto kwa chingwe mangani nati yokha ndi kansanza kofiira kuti muziiona mu udzu. Yalani pansi chingwe cha khonje chimene mwamanga mfundo pa mamita 5 aliwonse. Mizere ya bwalo musaikhulupirire. Pabwalo lovomerezeka penate imamenyedwa pa mamita 11, koma athu akumudziwa amayezedwa ndi mapazi n'kujambulidwa ndi phulusa.

Ponyani kasanu osasintha chilichonse, ndipo mulembe maulendo onse asanu, osati lopambana lokha. Manambalawo ndiwo akuuzeni koyambira. Akakhala obalalika, mwachitsanzo mamita 18, 27, 12, 25, 20, chikukolani ndi chingwe kapena chokhethemulira, chifukwa mphira susintha maganizo pakati pa kuponya koyamba ndi kwachiwiri. Akakhala oyandikana koma onse afupi, pamenepo ndiye tingaganizire za cholemetsa, mphira ndi kaloza, kutanthauza mmene mukuilozetsera m'mwamba.

Kuchokera apa muzisintha chinthu chimodzi, kuponya kasanu, kulemba, kenako china. Ine ndinasinthapo mphira ndi chitini tsiku limodzi, mtunda n'kukwera, ndipo miyezi iwiri ndinakhala ndikutamanda mphira watsopanoyo kwa aliyense wondimvera. Nditabwezera wakale uja, mtunda sunatsike. Chinali chitini.

Kutsogolo kwanu kusakhale munthu, mbuzi kapena mawaya a ESCOM. Valani magalasi oyera aja amavala owotcherera pogaya zitsulo. Chingwe chikakola, nati imabwerera momwe inachokera, ndipo imabwera molunjika nkhope.

2. Dziwani kulemera kwa chimene mukuponya

"Ndimangomanga kamwala" si yankho. Manati ndi abwino poyesera chifukwa kulemera kwake kumadziwika. Nati ya sipanala 17 imalemera pafupifupi magalamu 11, ya sipanala 19 pafupifupi 16, ya sipanala 24 imapitirira 30 pang'ono. Yambani ndi ya 24, kenako muwonjezere ya 17 pamwamba pake, muone kope likuti chiyani. Cholemetsa chopepuka kwambiri chimatuluka mwaliwiro koma chingwe chimachigonjetsa panjira. Cholemera kwambiri chimatuluka mwaulesi. Pakatipo pali malo ake, ndipo amasiyana malinga ndi mphira wanu.

Chingwe nachonso muchione kukula kwake papaketi. Ambiri amagula cha mamilimita 0.60 kapena 0.70 poopa kuti mlamba waukulu uwadulira. Chingwe chotero n'chouma, chimasunga mapindidwe a chitini, ndipo mumlengalenga chimakoka ngati waya. Gwiritsani cha 0.35 kapena 0.40 pachitini ponse, n'kulumikiza cha 0.50 mamita atatu okha a kumapeto, kumene kumalandira mphamvu ya kuponya ndi kukhuzika pamiyala. Chingwe chopyapyala chimacheka zala pokoka nsomba, choncho dulani kachidutswa ka chubu cha njinga muziveka chala cholozera.

Za kusungunula mtovu wa mabatire akale pambaula, siyani. Utsi wake ndi poizoni, ndipo ana ndi amene umawapweteka kwambiri. Nati ikataika pamiyala mubwera kudzatola ina pashedi.

3. Konzani chitini chenicheni

Chitini chikakula m'mimba, chingwe chimazungulira kochepa kuti chituluke mtunda womwewo, ndipo kuzungulira kulikonse n'kukhula pamlomo kamodzi. Botolo la madzi la theka la lita limatenga masentimita pafupifupi 20 pakuzungulira kamodzi, ndiye mamita 30 ndi maulendo 150. Paipi ya PVC ya mamilimita 110, ija ya zimbudzi za madzi, imatenga pafupifupi masentimita 35, ndiye mamita 30 omwewo ndi maulendo osakwana 90. Kusiyana kwake mukumva ngakhale ndi khutu: botolo limalira "trrrr", paipi imangoti "fwiii".

Zitini za mkaka ndi za nyemba zili ndi msoko wotukuka pamlomo, ndipo zikachita dzimbiri msokowo umasanduka tupa. Botolo la pulasitiki limaphwanyika, chifukwa nayiloni mukaikulunga yokokeka imapitiriza kufinya usiku wonse, m'mawa mupeza botolo lili ndi chiuno ngati mavu. Dulani paipi masentimita 15. Mlomo wakutsogolo uviikeni m'madzi owira kwa mphindi zingapo, ukafewa muukanikizire m'kati mwa mbale yachitsulo yozama kuti upindikire m'kati pang'ono. Pamoto musauyike, PVC ikapsa imatulutsa utsi woipa. Ukazizira, upaleni ndi sandipepa wosalala, wonyowetsa, kenako yendetsani mlomowo pamkono panu kumene khungu lili lofewa. Pamene pakukandani ndi pamene pakudya chingwe.

Kumbuyo kwa paipi zungulizani lamba wa chubu kuti chingwe chisagwere kumeneko. Ndipo musachulutse chingwe. Mamita 60 akwana. Mukaunjika 150, zigawo zapamwamba zimalowa pakati pa zapansi n'kumangana.

4. Chitini chikhale kutsogolo kwenikweni

Chingwe chikamatuluka sichiyenda mowongoka ngati muvi, chimakupiza mozungulira, ndipo chimafuna malo. Chitini chikakhala pansi pa thupi chapakati, mkombero uliwonse umamenya thabwa. Chisuntheni mpaka mlomo wake upitirire nsonga ya mphanda ndi zala zitatu, ndipo chiloze kumene ngalande ikuloza, osati pansi.

Ambiri amaika kamphete ka waya patsogolo pa chitini, potengera ndodo zowedzera zakusitolo. Kachotseni. Kamphete kakang'ono pafupi ndi chitini chachikulu kamatsamwitsa chingwe. Pa legeni chingwe sichifunika kudutsa m'mphete ina iliyonse.

Chitinicho chizivuka. Semani chipika cha mtengo cholowa mothina kumbuyo kwa paipi, chipikacho chikhale chokhomeredwa kuthupi. Mukaponya, mumazula chitini, legeni n'kuigoneka pansi, nsomba n'kulimbana nayo ndi manja monga tinazolowera kale.

5. Njira ya chingwe kuchokera pachitini kukafika mukapu

Apa ndi pamene aliyense wokufotokozerani amadumpha, ndipo ndi pamene pamafera malegeni ambiri. Werengani pang'onopang'ono.

Mukaitcha legeni, kapu ili kumbuyo, chitini chili kutsogolo. Ndiye kuti pali chingwe cha masentimita 60 kapena 70 chochokera pachitini kubwerera kukapu. Mukakhethemula, nati imathamangira kutsogolo, ndipo chingwe chimenecho chimakhwepa, n'kupanga khwekhwe lopindika limene liyenera kupita penapake. Nati imatuluka, n'kuuluka mtunda womwewo patsogolo pa chitini chingwe chisanayambe n'komwe kusololoka. Kenako chimakungika mwadzidzidzi. Zonsezi zimachitika musanaphethire, ndipo m'kanthawi kameneko muli misampha iwiri.

Woyamba ndi khwekhwe lija. Likapeza mutu wa msomali, nsonga ya waya, mfundo ya mphira kapena nyanga ya mphanda, limakola. Nthawi zina limakola pang'ono n'kumasuka, inu osaona kanthu, kungodabwa kuti ulendo uno yagwera pa 12. Mmene mungawagwirire malo amenewo ndi motere: pakani choko cha kusukulu pamphanda ndi kutsogolo konse kwa thupi, mpaka payere. Ponyani kamodzi. Pomwe chingwe chakwapula mupeza timizere topyapyala pachokopo. Legeni ya bambo wa ku Luchenza uja tinaipaka choko, ndipo timizere tonse tinakumana pamutu wa bawuti imodzi imene inatulukira pambali theka la chikhadabo. Ngati foni yanu imajambula kanema wochedwetsa, pemphani mnzanu aime pambali, chakumbuyo kwanu pang'ono, ajambule. Koma choko n'chokwanira.

Mukawapeza malowo, mitu ya mabawuti iloweni m'thabwa, nsonga za waya zipindeni m'kati, n'kukulunga tepi. Nyanga za mphanda zipendekere kutsogolo, kuti chingwe chikagwerapo chiterereke m'malo mokhazikika. Ndipo chingwe chisadutse m'ngalande momwe mukuyenda kapu, kapena pakati pa malamba a mphira. Chekani kampata kosalala pamlomo wa kapu mbali imodzi, chingwe chitulukire pamenepo, chidutse kunja kwa lamba wa mbali yomweyo n'kutsikira kuchitini. Muzidutsitsa mbali yomweyo nthawi zonse.

Msampha wachiwiri ndi chopanira. Chingwe sichingangokhala pachitini chopanda chochigwira, chifukwa mukangoweramitsa legeni mikombero khumi imagwa pamodzi, ndipo mukaponya imapanga chisa cha mpheta. Ndiye anthu amachipana ndi pegi ya zovala kapena kuchikanikiza pansi pa lamba wa chubu. Pegi imagwira mwamphamvu kwambiri. Pa nthawi ija chingwe chikukungika, nati imayenera kulimbana ndi pegi kaye, ndipo liwiro limene yataya pamenepo silibwerera. Mtunda umayendera liwiro kawiri: mukataya gawo limodzi mwa magawo khumi a liwiro, mtunda umatsika pafupifupi magawo awiri. Pegi ikakana kwenikweni, ndi pamene chingwe chimaduka nati n'kupita yokha, kapena nati kubwerera kwa mwini wake.

Chimene chinandithandiza ine ndi patapata wakutha. Dulani kachidutswa kofanana ndi bokosi la machesi mutaligawa pawiri. Kachekeni ndi lezala kamng'alu kozama theka la sentimita. Kamateni kuthupi pambali pa chitini, mng'aluwo utatsegukira kutsogolo, kumene chingwe chidzakokeredwe. Mukaulozetsa m'mbali, chingwe chimadzilowetsa mozama m'malo motuluka, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa.

Kayeseni motere. Panani chingwe, lozetsani legeni pansi, lendewetsani nati imodzi ya sipanala 24. Isagwe, ngakhale mutagwedeza pang'ono. Onjezani ziwiri, zikhale zitatu, pafupifupi magalamu 100. Chingwe chituluke chokha. Chikakana, yendetsani lezala mumng'alu kuti ukule pang'ono. Chikatuluka ndi nati imodzi yomwe, dulani kachidutswa kena. Patapata wonyowa amagwira mosiyana ndi wouma, choncho yesani mutamunyowetsa, poti kumtsinje sakhala wouma. Mng'alu umakula ndi ntchito. Ine ndimayenda ndi tizidutswa titatu todula kale m'thumba.

Ndipo kapu payokha iime. Ikapitirira mphanda n'kubwerera, imamenya chingwe chimene chikutuluka. Mangani kachingwe ka nayiloni yoluka kuchokera kumbuyo kwa kapu kukafika kumbuyo kwa thupi, kotalika mongokwanira kuti kapu iime pamapeto pa ngalande.

6. Kupotana, ndi chifukwa chake simuyenera kuika chopukusira

Pakapita masiku aliyense amabwera ndi nzeru yomweyo: "Bwanji ndiike habu ya njinga ndi chogwirira, kuti chitini ndizichipukusa pokoka chingwe?" Inenso ndinapanga, ndinaipenta n'kuipenta. Inagwira ntchito Loweruka limodzi.

Chifukwa chake ndi ichi. Chingwe chikamasololoka pamlomo pa chitini chosazungulira, mkombero uliwonse umasiya mpoto umodzi m'chingwemo. Mukamachikulunga ndi dzanja, dzanja likuzungulira chitini chili chiimire, mkombero uliwonse umaika mpoto umodzi wobwerera kwina, ndiye poponya ziwirizo zimafafanizana. Koma mukachikulunga popukusa chitini, chingwe chimalowa chopanda mpoto n'kutuluka ndi mpoto. Pa paipi ya 110 ndi mipoto pafupifupi 90 pa kuponya kulikonse kwa mamita 30. Ponyani kakhumi, muwerengere nokha. Chingwe chimayamba kudziluka chokha mukangochikhwepetsa, ndipo palibe chopanira chimene chingakupulumutseni.

Vutoli si la ku Mulanje kokha. Mu 1884 Peter Malloch wa ku Perth, ku Scotland, anapanga chowedzera chimene chitini chake chimatembenuka, kuloza kutsogolo poponya n'kubwerera m'mbali popukusa, ndipo chinkapota chingwe momwemu. Mu 1905 mkulu wina wa mafakitale a nsalu ku England, Illingworth, anatulukira njira yosiya chitini chili chiimire, kamkono kachitsulo n'kumazungulira kukulunga chingwe. Zowedzera zambiri zakusitolo za lero zimayendera nzeru imeneyo. Kamkonoko kamangochita zimene dzanja lanu limachita kale.

Choncho kulungani ndi dzanja, chingwe chizidutsa pamlomo wakutsogolo, dzanja lomwelo, mbali yomweyo, masiku onse. Mwana wanu wamanzere akakukulungirani theka, mudzaona zotsatira zake. Chitini musachigubuduze m'manja pokoka. Pokulunga muziyala mikombero moyandikana kuchokera kumbuyo kubwera kumlomo, chingwe chikudutsa pakati pa zala chokungika pang'ono, osati mwamphamvu.

Pamwamba pa cholemetsa ikani swivel, kachitsulo kakang'ono kokhala ndi timphete tiwiri tozungulira patokha, kamene kamapezeka kwa ogulitsa mbedza. Kamathandiza pa mpoto wobwera ndi nyambo ikamazungulira m'madzi oyenda, koma sikangathane ndi mipoto ya chopukusira. Chingwe chikapotana kale, kapena chikakhala chatsopano, dulani zonse za kumapeto, chitambasuleni chonse pabwalo, muyende nacho mukuchikoka mu udzu wonyowa ndi mame kuzungulira bwalo kamodzi, kenako muchikulunge.

7. Chokhethemulira

Chofala ndi msomali wotulukira pansi pa ngalande, wokola mphete ya kumbuyo kwa kapu, umene mumaukokera pansi ndi chala. Mphira ukakoka mwamphamvu msomaliwo umakanirira, mumachita kuukankha ndi thupi lonse, legeni n'kugwedezeka, nati n'kupita kwina. Pano ntchito yanga ya njinga inandithandiza. Tengani chogwirira buleki cha njinga yakutha ndi kebulo yake, kebuloyo ikoke msomali. Chogwiriracho chimachulukitsa mphamvu ya zala, ndipo mumafinya mofatsa legeni osasuntha.

Msomali ukhale wa mainchesi 4, nsonga yake yodulidwa n'kuizunguliza ndi tupa mpaka isalale. Usayende m'thabwa lenilenilo, limatupa kukagwa mvula. Uyende m'kapaipi kachitsulo, ndi kadontho ka oyilo. Utulukire m'ngalande pang'ono pokha, mongokwanira kugwira mphete. Mpheteyo ikhale pa msinkhu umodzi ndi pomwe malamba amangidwa pakapu. Ikakhala m'munsi, kapu imadzutsa mutu n'kudumpha m'ngalande.

Boolani bowo lina lopingasa patsogolo pa kapu yotcheredwa, loti muzilowetsamo msomali wachiwiri ngati loko. Kutcha, kuloka, kuika nyambo kuchokera pambali nkhope ili kutali, kuloza kumadzi, kuchotsa loko. Osaikhethemula yopanda kanthu mukapu, mphira umang'ambika. Komanso musaiseme mooneka ngati mfuti, ngakhale anyamata amakonda zimenezo. Mukuyenda nayo m'bandakucha m'mphepete mwa minda ya tiyi, ndipo mlonda sayamba wafunsa kuti ndi ya nsomba kapena ayi.

8. Tsopano mphira

Machubu akuda a njinga a masiku ano ndi a mphira wa butyl. Umasunga mpweya bwino, koma ukakokedwa umabwerera mwaulesi. Mphira wachilengedwe, wochokera ku utomoni wa mitengo ngati ija ya ku Vizara ku Nkhata Bay, umabwerera mwachangu, n'chifukwa chake akuluakulu amakumbukirabe machubu ofiira akale pa nkhani ya malegeni. Poyesa, dulani kalamba, kakokeni n'kukasiya. Kabwino kamalira "thwa", kaulesi kamangofota. Machubu ena a njinga zamoto ndi a mphira wachilengedwe, funsani okonza matayala akupatseni akutha muyese.

Mphamvu yake iyezeni ndi sikelo yopachika, ija amayezera nandolo mavenda. Kolani kapu, kokani mpaka pamsomali, werengani. Makilogalamu 8 mpaka 10 ndi okwana pa nati ya sipanala 24. Kupitirira apo mukungovutitsa chokhethemulira ndi kung'amba nyambo. Kuphatikiza malamba anayi sikuwirikiza mtunda, chifukwa mphira nawonso uli ndi kulemera kwake ndipo uyenera kudzinyamula wokha usananyamule nati. Chimene chimapindula n'kutalikitsa mtunda wokokera, ndi kudula malamba otambalala kumphanda, opyapyala kukapu, mwachitsanzo masentimita 3 kutsikira ku 2. Dulani ndi sizasi yakuthwa mosadukiza, poti kamphako kalikonse m'mphepete ndi pomwe padzayambire kung'ambika. Malamba awiriwo akhale ofanana ndendende, apo ayi nati izikhotera mbali imodzi.

M'miyezi ya chiperoni, Juni ndi Julaye, mphira umauma ndi kuzizira ndipo mtunda umatsika. Musayerekeze manambala a m'mawa wa nkhungu ndi a masana a Okutobala n'kuyamba kuphwasula legeni yabwinobwino. Lembani m'kope mmene kunja kunachera. Dzuwa, oyilo ndi girisi zimaononga mphira, ndiye pobwera kunyumba muzimasula malamba n'kuwasunga m'chitini chotseka.

9. Kaloza

Kusukulu anatiphunzitsa kuti mwala umapita patali pa madigiri 45. Nati yokoka chingwe imafuna kutsikirapo pang'ono. Tengani chopimira makona cha m'bokosi la masamu la mwana, chikhomereni pambali pa thupi, lendewetsani ulusi wokhala ndi kanati. Yesani 30, 35, 40 ndi 45, kasanu kasanu. Pomwe papambana jambulani mzere. Mphepo ikamachokera kutsogolo, tsitsani.

10. Bwezerani mbedza, pitani kumadzi

Nyambo imavutika ndi kudzidzimuka kwa poyamba. Nyongolotsi zolowetsedwa bwino m'mbedza zimapirira, koma chiwindi cha nkhuku ndi nsima zimatsala mukapu kapena kuuluka pazokha. Chiwindi chimangeni ndi ulusi wosokera maulendo angapo. Nsima ikandeni ndi thonje pang'ono kuti igwirane. Kachingwe ka mbedza kakhale kafupi, masentimita 20 mpaka 25, kuti konse kalowe mukapu. Nati ikhale pansi penipeni pa kapu, nyambo pamwamba pake. Mukatembenuza, nati imaphwanya nyambo isanatuluke n'komwe. Mbedza yolendewera kunja kwa kapu imakola mphira, kapena chala chanu.

Musanaponye koyamba, viikani chitini m'madzi. Nayiloni yonyowa imafewa ndipo imatuluka bwino. Nati ikatsala pang'ono kugwa m'madzi, yandikizani chikhatho pamlomo wa chitini kuti chingwe chikhudze pang'ono. Zimenezi zimawongola kachingwe ka mbedza kuti kasazengere pacholemetsa, komanso zimaletsa mikombero yotsala kugwa. Ndi chikhatho chotambasula, osati kugwira ndi zala.

Madamu a m'maesiteti a tiyi kuno ndi ku Thyolo ali ndi eni ake, pemphani chilolezo musanatche chilichonse. Ruo m'madera ambiri ndiye malire ndi Mozambique, ndipo chakumunsi kwake kuli ng'ona. Ubwino wa legeni ndi woti mutha kuima kutali ndi madzi, pamtunda, ndiye imani komweko. Chingwe chikakola pamwala tsidya, chizengerezeni pakamtengo, tembenuzani nkhope, kokani mpaka chiduke. Musalowe m'madzi kukatsata nati.

Mukatsata zonsezi koma manambala akadali obalalika, bwerani nayo pashedi Lachitatu masana, pamene njinga zimachepa. Mubwere ndi kope lija, ndipo choko cha pamphanda musachipukute.